Nkhwani ku Manchester: dimba lathu ndi nyengo ya kuno

  Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ntchito yanga ndi ya makompyuta, koma lero tikambe za dothi. Epulo akutha, dzuwa layamba kuoneka, ndipo m'magulu a WhatsApp anthu ayamba kale kufunsana kuti, kodi nthanga za maungu tidzale liti? Yankho langa ndi lakuti dikirani kaye. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi mvula, poti ndi imene imatinamiza. Anthu amati Manchester ndi mzinda wa mvula. Koma mukaona manambala, mvula imene imagwa ku Manchester pa chaka ndi mamilimita pakati pa 800 ndi 900, pafupifupi chimodzimodzi ndi ya ku Lilongwe. Eya, chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Lilongwe imagwa ya mkokomo, kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, kenako basi, fumbi. Kuno imagwa pang'onopang'ono chaka chonse, masiku pafupifupi 140. Anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amaidziwa mvula yotereyi, ndi chiperoni chimene sichidziwa kalendala. Ndipo mukangodutsa mapiri a Pennines kulowera kum'mawa, zinthu zasintha. Mitambo yochokera kunyanja ya Atlantic imakhuthula madzi ambiri kumadzulo ndi pamwamba pa mapiriwo, ndiye ku Leeds ndi ku York kumagwa yocheperako. Mlimi wa ku Rochdale amalimbana ndi madzi odikha, wa ku York amatha kuthirira mu Juni.

Ndiye vuto lathu kuno si madzi. Kumudzi mlimi amayang'ana kumwamba kudikira mvula yodzalira. Kuno chimene mudikire ndi kutha kwa frost, kuzizira kwa usiku kuja kumene kumayeretsa udzu ndi magalasi a galimoto m'mawa. Kumpoto kuno frost imatha kubwera mpaka pakati kapena kumapeto kwa Meyi, ndipo imakonda usiku umene kumwamba kwayera, masana ake kutawala bwinobwino. Dzungu, nyemba, bonongwe, tomato, chimanga, usiku umodzi wokha zimasanduka ngati mwazithira madzi otentha. Ine ndidaika kachipangizo koyeza kutentha pa Raspberry Pi kuseri kwa nyumba, matenda a ntchito amenewo, ndipo chimene ndimaona n'chakuti pansi penipeni pamazizira kuposa nambala imene foni ikukuuzani. Apu ya Met Office ikanena madigiri 3 kapena 4 usiku, phimbani mbewu. Musadikire kuti inene ziro.

Chochita n'chosavuta. Nthanga za maungu dzalani m'timiphika m'nyumba, pawindo, kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Zikamera muzizitulutsa masana n'kuzilowetsa madzulo kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti zizolowere mphepo, kenako mukawokere kumayambiriro kwa Juni. Dzungu lililonse la m'sitolo za mbewu limapereka nkhwani. Ena ali ndi minga yambiri, inde, koma kusadzula tidaphunzira kale kwa amayi.

Tsopano nkhani imene ndimaikonda, chifukwa ndi imene anthu ambiri saiganizira: kutalika kwa tsiku. Ku Malawi tsiku limasintha pang'ono, maola 11 mpaka 13 chaka chonse. Kuno pa 21 Juni kumawala maola pafupifupi 17, dzuwa kulowa itadutsa hafu pasiti naini usiku, pamene mu Disembala sakwana n'komwe maola 8. Mbewu zimawerenga zimenezi. Chimanga chamakolo cha kwathu chidazolowera masiku aafupi kuti chimasule ngaiyaye. Mukachidzala kuno chimangokula, chimangokula, kupitirira mpanda, aneba n'kumajambula zithunzi, koma ngaiyaye zimachedwa mpaka Sepitembala, ndipo Okutobala akafika ndi frost yake mwatsala ndi mapesi okhaokha. Si ufiti, si feteleza. Mlimi wochokera ku Zimbabwe, David Mwanaka, adatchuka chifukwa cholima chimanga choyera kufupi ndi London, koma zidamutengera zaka zingapo akuyesa, ndipo kumeneko ndi kum'mwera, kofundako kuposa kuno. Ngati mukufuna mondokwa wootcha mu Sepitembala, gulani sweetcorn wa mtundu wocha msanga. Ndi wotsekemera mopitirira, ndikudziwa, sakoma ngati wa pa msewu wa ku Dedza. Koma amabereka. Mudzale mowunjikana, osati mzere umodzi wautali, chifukwa mungu wake umayenda ndi mphepo.

Mpiru nawo uli ndi khalidwe lake. Mukaufesa mu Epulo kapena Meyi, masiku akutalika, umathamangira maluwa musanathyole n'kawiri komwe. Fesani kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti, masiku atayamba kufupika, mudzadya mpaka kuzizira kutakhwima. Chomolia ndiye ngwazi ya kuno. Sichiopa frost, chimadutsa Disembala ndi Januwale chili chiimire, ndipo mumangopempha nthambi kwa mnzanu n'kuzika. Anzathu a ku Zimbabwe ali nacho chambiri, amachitcha covo, apempheni. Bonongwe amafuna kutentha, fesani mu Juni pamalo a dzuwa, kapena m'kanyumba ka pulasitiki. Mbewu yake imagulitsidwa ndi dzina loti callaloo kapena amaranth. Therere lobala, aaa, popanda greenhouse musadzivutitse.

Apa ndionjezerepo. Mbewu zobisa m'sutikesi pochokera kumudzi zili ndi malamulo ake. Zomera ndi mbewu zina zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda. Onani pa gov.uk musananyamule, kusiyana ndi kukafotokoza pabwalo la ndege.

Mdani wamkulu kuno si mbuzi ya aneba. Ndi nkhono zopanda chigoba zija, ma slug. Zimatuluka usiku kukanyowa, ndipo mbande ya dzungu imene mwailera milungu isanu pawindo zimaimaliza usiku umodzi. Mankhwala a metaldehyde adaletsedwa kuyambira Epulo 2022, ololedwa ndi a ferric phosphate. Ine ndimaona kuti tochi ndi chidebe cha m'ma 10 koloko usiku zimagwira ntchito kuposa zonse. Komanso musawokere mbande zazing'ono kwambiri, zisiyeni zikhwime kaye. Chomolia ndi repu phimbani ndi ukonde, apo ayi mukulimira njiwa.

Dothi la malo ambiri kuno ndi lomata ngati makande, lozizira, losunga madzi. Apa nzeru ya kumudzi imagwira: pangani mizere. Azungu amagula matabwa kupanga mabedi okwera, ife khasu lokha. Mzere umataya madzi ndipo umafunda msanga.

Koma nyengoyi nayo sikudalirikanso ngati mmene akuluakulu a pa allotment amafotokozera. Pa 19 Julayi 2022 ku Coningsby, ku Lincolnshire, kudatentha madigiri 40.3, koyamba m'mbiri ya dziko lino kudutsa 40, Nsanje yeniyeni. Chaka chomwecho mu Ogasiti a Yorkshire Water adaletsa kuthirira ndi payipi, ndipo adaletsanso mu Julayi 2025. Keni yothirira imaloledwa, ndiye ikani mgolo pansi pa paipi ya denga panopa mvula ikadalipo. Mbali inayi, pa 26 Disembala 2015 madzi adasefukira ku Hebden Bridge, ku Mytholmroyd, ku Leeds ndi ku York. Mukapatsidwa munda m'mbali mwa mtsinje wa Calder kapena Aire, funsani kaye amene adayamba kulima pamenepo kuti madzi amafika pati.

Za malo olima, lembetsani ku khonsolo ya dera lanu lero lomwe, chifukwa mndandanda wodikira allotment umatha kutenga zaka. Podikirapo, ndowa zoboola pansi ndi matumba a kompositi zimakwana pa khonde. Ndipo tsiku lina mukapuma, kwerani sitima ya pakati pa Manchester ndi Leeds mutsike pa Todmorden. Ndi katawuni kakang'ono m'chigwa, konyowa kwambiri, koma kuyambira 2008 gulu la Incredible Edible limadzala ndiwo ndi zipatso m'mbali mwa misewu, pa siteshoni, ngakhale kutsogolo kwa polisi, aliyense wodutsa n'kumathyola. Mukaona zimene zikukula bwino kumeneko, zikulanso kuseri kwa nyumba yanu.

Funso la mfutso ndalilandira kangapo. Dzuwa loyanikira kuno mulibe, masamba amachita nkhungu asanaume. Awiritseni mphindi ziwiri, athireni m'madzi ozizira, finyani, ikani m'timapepala mufiriza. Sabata yamawa tikamba za nyemba ndi khwanya, ndipo amene muli ndi nthambi za chomolia zogawa ku Sheffield, tilembereni.