Khutba ya Ijumaa: Tisawasale Ana Athu Ovutika Maganizo

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale kwa Mtumiki Wake Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, kuno ku Mwanza ambiri mwa ife tagulitsapo manachesi ndi mbuzi kuti mwana akaphunzire ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo. Mwanayo amalidziwa thukuta limenelo. Nchifukwa chake akalephera mayeso, kapena akasowa ndalama ya lendi, kawirikawiri satiuza. Amausenza yekha mtolowo mpaka tulo osabwera, chakudya osalowa, nayamba kudzitsekera m'chipinda.

Akabwera kutchuthi ali chete ngati mlendo, ife timati wayamba chamba. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi majini, enanso amati imani yake yachepa. Anzake kusukulu amamuseka kuti maphunziro amupengetsa. Mawu oterewa amamutseka pakamwa, ndipo matenda amakula ali obisika.

Tikumbukire kuti Mneneri Yakubu (AS) analira mwana wake Yusufu mpaka maso ake anayera. Chaka chimene Mtumiki (SAW) anataya mkazi wake Khadija ndi Abu Talib chimatchedwa Chaka cha Chisoni. Kodi tinganene kuti imani yawo inali yochepa? Abu Zayd al-Balkhi, katswiri wa Chisilamu amene anamwalira m'chaka cha 934, anasiyanitsa chisoni chokhala ndi chifukwa chodziwika ndi chisoni chongomugwera munthu popanda chifukwa, ndipo anaphunzitsa kuti zonsezi zimafuna chithandizo monga matenda a thupi.

Choncho duwa ndi chipatala ziyendere limodzi. Mwana akadwala malungo timamupempherera uku tikuthamanga naye kuchipatala. Matenda a maganizo tichite nawo chimodzimodzi. Tiyambire pachipatala chathu cha boma cha Mwanza. Pakafunika akatswiri, alipo ku Zomba Mental Hospital, komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mwana akatchula zodzipha tisamukalipire, tisamusiye yekha. Tipite naye tsiku lomwelo.

Makolo, poimba foni tisamangofunsa za mayeso. Timufunse ngati akugona, ngati akudya, ndipo timuuze kuti ngakhale atalephera, pakhomo ndi pake. Ophunzira, mnzanu akasiya kuoneka m'kalasi ndi kumzikiti, kagogodeni pachitseko chake, ndipo zimene akuuzeni musazifalitse pa WhatsApp. Mutu umodzi susenza denga.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu, ateteze ana athu, ndipo atikhululukire pamene malirime athu anawavulaza. Ameen.