Za Ukhondo wa Amai Athu

Inu mafumu ndi abale nonse, mutikhululukire, pakuti mau otere sanenedwa pabwalo. Koma amai athu ambiri, a kwa Kaphuka ndi a kwa Kasumbu omwe, alikubvutika ndi kuyabwa kumene anthu ati mauka. Ndipo pofuna kucira atsuka m'kati ndi sopo kawiri kawiri, ena naikamo zitsamba ndi nsanza. Kutero ndiko kukuza nthendayo.

Asing'anga a cipatala atiuza kuti m'njira ya mkazi mukhala tizirombo tabwino tosaoneka ndi maso, tosunga malowo owawasa pang'ono kuti toipa tisaswane. Sopo aononga tabwinoto. Zitsamba zisupula khungu, ndipo pa zironda zotere kacirombo ka HIV kapeza khomo. Madzi oyera, kunja kokha, akwanira. Nsaru za kumwezi aziyanike padzuwa, makamaka mu Juni ndi Julai, pamene kanthu sikauma m'nyumba kuno ku mapiri.

Mlandu wina ngwathu amunafe, amene tinyoza mkazi cifukwa ca cinyezi ca cibadwa. Cotero tipempha mafumu aitane anamkungwi pamodzi ndi namwino, cinamwali cisanafike. Ndipo wodwala mauka apite ku cipatala, asatemedwe ndi lumo.