KUSANKHA MAGUDUMU OYENERA GALIMOTO: NKHANI KWA ANTHU A KU CHITIPA

Anthu a m'boma la Chitipa adziwa bwino kuti miseu yao iri ya mitundu iwiri. Pali mseu wa phula wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100. Palinso miseu ina, monga yopita ku Wenya ndi ku Nthalire kapena yolowa m'midzi ya m'mapiri a Misuku, imene mbali zake zambiri ziri za dothi ndi miyala. Magalimoto ang'ono ang'ono ochuruka oyenda m'miseu imeneyi ndi ogwirapo kale nchito ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko lino pa chipata cha Songwe. Tsono nkhani ya lero iri ya magudumu, pakuti ambiri akagula galimoto amathamangira kusintha magudumu ake kuti ioneke yokongola, osayamba afunsa.

Gudumu liri ndi mbali ziwiri: chitsulo cha pakati, chimene amakaniko amachicha limu, ndi tayala, limene akulu akale ankati mpira.

FANIZO LA MPHUNZITSI

Taganizani za mphunzitsi amene wapuma pa nchito, ndipo ndi ndarama zake zonse wagula Toyota Sienta kuti azinyamula anthu pakati pa Boma ndi Nthalire. Galimotoyo yabwera ndi malimu a mainchesi 14. Anyamata amuuza kuti agule malimu onyezimira a mainchesi 16, otambalala, otulukira kunja pang'ono. Pa phula galimoto iyenda bwino ndithu. Koma tsiku loyamba kukweza anthu ndi matumba a chimanga, tayala la m'mbuyo liyamba kukhula madigadi pa dzenje liri lonse mpaka kuchekeka m'mbali. Asanafike kutali limu la kutsogolo ligunda mwala ndi kupindika, mpweya nkutha. Ndarama zapita, ndipo moyo wa okwerawo unali pa ngozi. Paja akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphunzitsiyu akadawerenga manambala ochepa okha, sakadaona mabvuto otere.

MANAMBALA A PA TAYALA

M'mbali mwa tayala liri lonse mwalembedwa manambala onga awa: 175/70 R14. Nambala yoyamba, 175, ndiyo kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 70, itanthauza kuti msinkhu wa khoma la tayala uli magawo 70 pa 100 a kutambalalako, ndiye kuti mamilimita 122 ndi theka. Yotsiriza, 14, ndiyo kukula kwa limu m'mainchesi. Tayala lonse, kuchokera pansi kufika pamwamba, likwana mamilimita pafupifupi 600. Aphunzitsi angathe kupatsa ana a sukulu samu imeneyi, podziwa kuti inchesi imodzi iri mamilimita 25.4.

Munthu akakulitsa limu, ayenera kufupikitsa khoma la tayala kuti gudumu lonse likhale la msinkhu womwewo. Tayala la 195/50 R16 likwananso pafupifupi 600, koma khoma lake liri mamilimita 97 ndi theka basi. Khomalo ndilo khata ya galimoto. Likafupika, mwala ufika pa limu msanga. Nchifukwa chake pa miseu ya kuno limu laling'ono lokhala ndi tayala la khoma lalitali liposa limu lalikuru.

Ena amalakwa mwa njira yina, kuika tayala lalitali kwambiri kuti galimoto isamakhule pansi. Akadaulo amalangiza kuti msinkhu wa gudumu usasiyane ndi woyamba uja koposa magawo 3 pa 100. Ukapitirira apo, galimoto ifooka pokwera zitunda, ndipo muvi woonetsa liwiro unama: gudumu likatalika ndi magawo 4 pa 100, muvi uloza pa 80 pamene galimoto irikuthamanga 83.

Pambuyo pa manambala aja pali inanso, monga 84 kapena 88, yonena za katundu amene tayala limodzi lingasenze. Nambala 84 itanthauza makilogalamu 500, ndipo 88 itanthauza 560. Wonyamula anthu, khofi kapena chimanga asagule tayala la nambala yochepera imene opanga galimoto analamula. Ndipo wogula tayala la kaunjika afune manambala anai a pambuyo pa malembo akuti DOT. Akaona 2319, adziwe kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kuchita ming'alu ngakhale mapanga ake aoneke abwino.

MABOWO A LIMU

Kuwerenga mabowo a manati sikukwanira ai. Afunikanso kuyesa kutalikirana kwake. Pa limu la mabowo anai, munthu ayese kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anana nalo. Magalimoto ang'ono ambiri a Toyota, monga Probox ndi Vitz, ali ndi mamilimita 100, pamene magalimoto ena ali ndi 114.3. Hilux yokoka ndi magudumu onse anai iri ndi mabowo 6 pa mamilimita 139.7. Kukuza mabowo ndi tupa kuti limu la eni ake lilowe nkuitana imfa. Bowo lalikuru la pakati nalonso liyenera kukhala bwino pa chitsulo cha galimoto. Likakula kwambiri, chiongolero chimanjenjemera pa liwiro. Manati akhale ogwirizana ndi limu, pakuti ena ali ndi mutu wosongoka, ena wophwatalala.

MALEMBO AKUTI ET

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Limu liri ngati ng'oma yaifupi yokhala ndi mbale ya chitsulo m'kati mwake, ndipo mbaleyo ndiyo imamangidwa ku galimoto. Mbale imeneyi kawiri kawiri sikhala pakati peni peni pa ng'omayo, koma chakunja pang'ono. Mtunda wochokera pakati pa limu kufika pamene mbale ikhudzana ndi galimoto ndiwo amakaniko amaucha offset. Umadindidwa kuseri kwa limu ndi malembo akuti ET, ochokera ku mau a Chijeremani, motsatana ndi nambala ya mamilimita. Magalimoto ang'ono ambiri ali ndi ET ya pakati pa 35 ndi 50.

Nambala ikachepa, gudumu litulukira kunja. Ikakula, lilowa m'kati. Wochotsa limu la ET 45 ndi kuika la ET 25 watulutsa gudumu ndi mamilimita 20. Ngati limu latsopanolo liri lotambalala koposa lakale ndi inchesi imodzi, mlomo wake utulukanso ndi mamilimita ena 13. Galimoto yopanda katundu sionetsa kanthu, koma ikalemedwa tayala likumana ndi madigadi. Palinso bvuto lina losaoneka ndi maso. Mai wonyamula ndowa ya madzi pafupi ndi thupi satopa msanga, koma akatambasula mkono, phewa liwawa ngakhale madzi ali omwewo. Momwemonso gudumu lotulukira kunja limalemetsa mabelingi, ndipo amatha nthawi yake isanakwane. Gudumu lolowa m'kati kwambiri limakhula shoko kapena zitsulo za mabuleki. Nzeru yabwino ndiyo kusasiyana ndi ET yoyamba koposa mamilimita 5 kapena pafupi pamenepo.

ZOCHITA ASANALIPIRE

Mwini galimoto atsekule chitseko cha dalaivala ndi kuyang'ana pa mphuthu yake. Pamenepo opanga galimoto anamatapo kapepala konena za tayala loyenera ndi mpweya wake. Kenaka atembenuze limu lakale ndi kulemba manambala a kuseri kwake pa pepala, ndipo apite nalo pepalalo ku sitolo, kaya ndi ku Karonga, ku Mzuzu, ku Nakonde kapena ku Tunduma. Asanalipire, amange gudumu limodzi kutsogolo, apinde chiongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, ndi kupisa zala pakati pa tayala ndi zitsulo. Amangenso limodzi m'mbuyo, akweze anthu, ndi kuona ngati mpata ulipobe. Akumbukirenso kuti tayala likaphulika ku Nthalire, la muyeso wodziwika lipezeka msanga koposa lachilendo.

Ndipo inu okwera, ndinu eni moyo. Mukamva tayala likukhula galimoto ikagwa m'dzenje, kapena mukamva fungo la mpira wopsa, muuzeni dalaivala aime ndi kuona. Eni magalimoto naonso asachite manyazi kufunsa makaniko wodziwa nchito asanataye ndarama zao, pakuti safunsa anadya phula.