MSIKA WA COMESA NDI MLIMI WA NSHAWA

Mau a mlangizi wa zaulimi kwa alimi a Kum'mawa

Alimi ambiri amva dzina la COMESA pa wailesi, koma ayesa kuti ndi nkhani ya akuluakulu a ku Lusaka okha. Iai, nkhani imeneyi ikhudza nkhokwe ya mlimi ali yense.

COMESA ndi cigwirizano ca maiko 21 a mu Africa pa za malonda. Ciyambi cace ndi pangano limene linasainidwa mu Lusaka m'caka ca 1981. Dzina la COMESA linadza m'caka ca 1994, ndipo likulu lace lili mu Lusaka momwemo. Pa 31 October 2000, Zambia pamodzi ndi maiko ena asanu ndi atatu, monga Malawi, Zimbabwe ndi Kenya, anacotsa msonkho wa pa malire pa katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko ao.

Poyamba amene anapindula ndi eni malole akuluakulu, pakuti mapepala anali obvuta. Cifukwa cace m'caka ca 2010 Zambia ndi Malawi anayamba njira yapafupi ya amalonda ang'onoang'ono. Munthu wa katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America alemba cipepala cacifupi pa cipata pomwepo, ndipo salipira msonkho wa kasitomu, malinga katunduyo ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anabvomerezana. Ndiponso kuyambira December 2022, wodutsa pa Mwami ndi Mchinji aima pa malo amodzi okha m'malo mwa awiri.

Koma mlimi asaiwale zinthu zitatu.

Coyamba, cilolezo ca Boma cotulutsira mbeu ndi cikalata cosonyeza kuti mbeuzo zilibe matenda zifunikabe. Boma likhoza kutseka cipata, monga linaletsa kutulutsa cimanga m'caka ca cilala ca 2024. Mlimi ayambe wafunsa asanalipire galimoto.

Caciwiri, dziko la Mozambique silili mu COMESA. Wodzera pa Chanida afunse malamulo ena.

Cacitatu, ndico cacikuru, wogula wa kunja ayang'ana ubwino wa mbeu. Nshawa zoikidwa m'thumba zisanaume zicita cuku, ndipo cukuco cibala poizoni wa aflatoxin amene aononga ciwindi ca munthu. Nshawa zotere zibwezedwa, ndipo dzina la mudzi wonse liipa. Cotero mlimi akumbe nshawa zace zitakhwima, aziumitse bwino, asazinyowetse ndi madzi posenda, ndipo asankhe zoola ndi zofota nazitaye. Asazipatse ana, kapena nkhuku.

Amene adzera njira za kuthengo pothawa cipata aika ndalama zace m'manja mwa mbala, ndipo akagwidwa alandidwa katundu yense. Nkwabwino kuti alimi a kopaletivu imodzi asonkhanitse matumba ao, alipire galimoto imodzi, nadutse pa cipata masana.

Boma latsegula njira. Nchito yotsala ndi ya m'munda ndi pa mkeka wosankhirapo nshawa.