WOPIMA MOWA NDI MLIMI WA MAPIRA

Mafumu, makolo ndi alimi nonse a kwa Jumbe, kwa Nsefu, kwa Kakumbi ndi kwa Msoro: mapira ndiyo mbeu yopirira dzuwa la m'cigwa ca Luangwa, ndipo amai a kuno adziwa kumeretsa cimera kuyambira kale. Koma mapira akafika ku nyumba yaikuru yofululira mowa, sayesedwa ndi maso ndi lilime zokha ai. Kumeneko kuli munthu wophunzira amene nchito yace ndiyo kupima, ndipo mau ace ndiwo anena ngati thumba lanu ligulidwa kapena libwezedwa.

Munthuyu atapa njere pang'ono m'matumba napima cinyontho cace, pakuti mbeu yosungika bwino siyenera kupitirira magawo 13 a madzi pa magawo 100. Afunafuna cuku, cimene cibala ululu wochedwa aflatoxin. Apima madzi ophikira, shuga wa m'phala ndi ukali wa mowa, kuti wa lero ulingane ndi wa dzulo. Zonse azilemba. Mbiri imati dzina la Chibuku linacokera ku buku la Bwana Max Heinrich, amene anayamba mowawo, cifukwa iye analemba m'menemo mau a anthu akumwa ndi zonse zimene anasintha pa kafululidwe.

Kodi nchito yotere aiphunzira bwanji? Tamverani za William Gosset, wobadwa ku Mangalande m'caka ca 1876. Iye anaphunzira masamu ndi chemistry, ndiyo nzeru ya kupima zimene ziri m'kati mwa zinthu, pa sukulu yaikuru ya Oxford. M'caka ca 1899 analowa nchito kwa a Guinness, ofulula mowa ku Dublin. Kumeneko anapeza bvuto ili: minda yoyesera barele inali yowerengeka, ndipo mbeu ina ikaposa inzace, panalibe wodziwa ngati ndi ubwino wa mbeuyo kapena mwai wa nthaka. Tsono mu 1906 anapita ku London kukaonjeza masamu kwa Karl Pearson, ndipo mu 1908 analemba njira yoweruzira zoyesa zocepa, pa dzina lobisika lakuti "Student". Mu 1935 anaikidwa mkuru wa ofulula pa nyumba yatsopano ya Guinness ku London, namwalira mu 1937. Njira yaceyo ikali kuthandiza oyesa mbeu kufikira lero.

M'dziko lathu khomo la maphunziro awa linatseguka mu 1966, pamene University of Zambia inayamba ku Lusaka. Mwana wofuna kulowapo, wamwamuna kapena wamkazi, ayenera kupambana masamu ndi sayansi ku sekondale. Ndipo mu 2005 a Zambian Breweries anaturutsa mowa wa Eagle wofulula ndi mapira a alimi a m'midzi. Motero mwana wa mlimi angathe kudzapima mbeu za atate wace.

Nanga inu mutengapo ciani? Coyamba, musanafese, ikani njere 100 m'nsaru yonyowa, ndipo patapita sabata muwerenge zomera. Zikacepera 80, funani mbeu yina. Caciwiri, musaweruze mbeu yatsopano pa munda umodzi kapena caka cimodzi. Yesani pamodzi ndi anansi anu, m'dimba ndi kumtunda komwe, ndipo mwana wa sukulu alembe matumba amene mwakolola. Cacitatu, yanikani mapira pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, aume kufikira njere ithetheka poiluma. Cacinai, pamene mbalame zabvuta m'munda, musaturutse mwana m'sukulu kuti akaziinge. Sinthanani akuru okha-okha. Mapira odyedwa ndi mbalame mudzafesanso caka ca mawa, koma mwana akatsalira pa masamu abvutika kuwapeza anzace.