Mau a pa Msonkhano wa Pachaka: Za Mapu, Mapiri ndi Malo Omangapo Nyumba

Nkhani yanga ndi ya anthu ophunzira jogalafe, ndiwo aja ayesa mapiri, mitsinje, nthaka ndi mvula, nazilemba pa mapu. Ena mwa ife tiyesa kuti ntchito yao ili ya m'sukulu basi, koma ine nditi ikhudza pogona pathu ndi moyo wa ana athu.

Taonani pamene tikhala. Ndirande ali m'tsinde mwa phiri lake, Chilomoni watsamira Michiru, Zingwangwa ali pansi pa Soche, ndipo Bangwe nayenso ali ndi phiri lake. Kalembera wa 1966 anapeza anthu oposa pang'ono 100,000 mu Blantyre, koma wa 2018 anapeza 800,000. Phiri silikula, anthu ndiwo achuluka. Tsono posowa malo, nyumba zinayamba kukwera m'matherezi ndi kutsikira m'makwawa.

Akulu amene muli pano mukumbukira nkhalango ya phiri la Ndirande, imene inatha ndi nkhwangwa m'zaka za m'ma 1990. Wa jogalafe akayika pamodzi chithunzi chojambulidwa m'mwamba kale ndi cha lero, atha kuonetsa Boma kukula kwa malo amene mitengo inatha. Afotokozanso chotsatira chake: mizu ikachoka, nthaka siimwanso madzi, madziwo athamanga pamwamba natenga dothi, nalitsira mu Mudi ndi Nasolo. Chotero dziwe la Mudi lidzala matope, pamene madzi ambiri amene timwa achita kupopedwa kuchokera kutali ku Walker's Ferry pa Shire, ndi magetsi a mtengo wapatali.

Choopsa koposa tinachiona mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata. Nthaka ya pa Soche inakhuta madzi niyamba kutsetsereka pamodzi ndi miyala yaikulu, nikwirira nyumba ku Chilobwe ndi anthu ali m'kati. M'dziko lonse anafa anthu oposa 600, ndipo ena mazanamazana sanapezeke konse. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Mapu anena zomwezo, koma iwo aonjeza kuloza khwawalo, kutsetsereka kwake, ndi nyumba zimene zaima m'njira yake.

M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene lipatsa Boma mphamvu yoletsa anthu kukhala pa malo oopsa. Koma lamulo lopanda mapu liyenda mumdima, pakuti mzere wolekanitsa pabwino ndi poipa ayenera kuulemba ndi munthu woyesa. Ndiponso mapu okha sakwanira. Munthu samanga patherezi chifukwa cha kupusa ai, koma chifukwa poloti ya pabwino ili yodula ndiponso yakutali ndi ntchito. Wa jogalafe wanzeru ayenera kuonetsanso kumene anthuwo angasamukire, kumene kuli madzi, msewu ndi sukulu.

Tsono ndipempha Bungwe zinthu zitatu. Choyamba, mbale wathu wofika kumene kuchokera kumudzi asapereke ndalama ya poloti asanafunse ku ofesi ya mapulani ya Khonsolo ya Mzinda. Chachiwiri, tiitane mphunzitsi wa jogalafe kapena woyesa malo adzatiphunzitse kuwerenga mapu a madera athu mvula isanayambe. Chachitatu, tilembe maina a mamembala amene nyumba zao zili m'njira ya madzi, kuti thumba lathu liwathandize kusamuka. Thumba limeneli takhala tikuguliramo mabokosi a maliro. Nkwabwino ligulenso malata a amoyo.