Ulendo wa ku Dedza: Kukaona Zimene Alimi Akale Anatisiyira

Masiku onse ndimalankhula nanu za mizere, za manyowa ndi za nkhokwe. Lero ndifuna kukuuzani za ulendo umene ndinayenda ndi alimi asanu ndi mmodzi a kwathu kuno ku Bwanje, m'mwezi wa June, titatha kukolola.

Tinanyamuka m'mamawa ndi kutsata mseu wa ku Salima kufikira pa Golomoti. Pamenepo tinakhotera kumanzere ndi kuyamba kukwera mseu wokhotakhota wa Khwekhwelere, umene umatulukira pa Masasa. Pokwerapo tinaona timitsinje totsikira ku chigwa. Pamene pali mitengo dothi lagwira, koma pamene anthu anagwetsa mitengo pali zigwembe zakuya. Mkulu wina mwa ife anapukusa mutu, nati tsopano wadziwa kumene umachokera mchenga umene umakwirira minda ya kuchigwa.

Dedza ndi tauni yaing'ono ili patsinde pa phiri la dzina lomweli. Ili pamtunda wa mamita oposa 1,500, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni ina yokwera kuposa imeneyi. Chifukwa chake kumazizira ndithu. Mnzathu wina anangovala shati monga timachitira kuno kotentha, ndipo tsiku lonse anali kunjenjemera. Tsono inu popita musaiwale jekete. Pamsika tinapeza mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba, mbeu zokonda kozizira. Tinaonanso nyumba imene amaumbiramo mbale ndi makapu a dothi.

Koma chimene tinapitira makamaka chili kunja kwa tauni, m'mapiri a Chongoni. M'mapanga ndi pa matanthwe a kumeneko muli zithunzi zimene anthu akale anajambula, ndipo malo otere anawerengedwa 127. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linalemba Chongoni m'buku la malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga. M'buku lomwelo muli Delphi wa ku Greece, kumene alendo amaolokera nyanja kukaona mabwinja a akachisi akale. Ife athu tinafikako tsiku lomwelo tanyamuka.

Zithunzi zake zili za mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale koposa. Zimenezi ndi mizere ndi zozungulira, ndipo anazijambula Akafula, anthu osaka nyama aja amene agogo athu ankawatcha Amwandionerapati. Zoyera anazijambula Achewa ndi dothi loyera. Zina mwa izo zioneka ngati chikopa cha nyama choyanika, ndipo zinali za chinamwali cha atsikana. Zina, monga za pa Namzeze, ndi zilombo za Nyau. Malo amene alendo amafikako kawirikawiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Pofika pa thanthwe musafulumire kunena kuti palibe kanthu, pakuti zofiira zina zinazilala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mverani bwino apa, alimi anzanga. M'maiko ambiri zithunzi za m'mapanga anazijambula alenje, koma zojambula alimi ndi zosowa. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zinatchukitsa Chongoni. Anthu amene anapaka dothi loyeralo anali ogwira khasu monga inu ndi ine. Anali kubzala mapira, kupempha mvula, ndi kulanga ana ao.

Tsono ndikuuzeni chimene chinandipweteka mtima. Pa phanga lina tinapeza maina a anthu a lero olembedwa ndi makala pamwamba pa zithunzi. Pena wina anasonkha moto m'phanga, ndipo mwaye unadetsa thanthwe. Pena mitengo imene inali kutchinga dzuwa ndi mvula inadulidwa. Chimanga chikapsa ndi dzuwa timabzalanso chaka chamawa. Koma chithunzi chotere chikafufutika sichibweranso, pakuti eni ake ojambula anapita kale.

Chifukwa chake popita kumeneko sungani malangizo awa. Choyamba, pemphani munthu wa komweko wodziwa njira akuperekezeni, ndipo perekani ulemu kwa mfumu ya deralo. Chachiwiri, musakhudze zithunzi ndi manja, ndipo musazithire madzi pofuna kuti zioneke bwino, pakuti madzi amasukulutsa utoto. Chachitatu, musalembe kanthu pa thanthwe, musasonkhe moto, ndipo musadule mtengo.

Pobwerera tinatsikanso pa Golomoti ndi kupita kumpoto pang'ono, ku Mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaiyamba m'chaka cha 1902. Kumeneko kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976. M'nyumba yao yosungira zakale, yotchedwa Chamare, muli zipinda zoonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Anzanga aja anaona zishango ndi mikondo ya Angoni, nayamba kukumbutsana nkhani za Inkosi Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi asilikali a Angerezi m'chaka cha 1896.

Mau anga otsiriza apita kwa inu mafumu. Ulendo wotere suli wa anthu olemera okha ai. Anthu khumi atasonkha ndalama pang'ono pang'ono akagulitsa mbeu zao angathe kupita. Tenganiko ana a sukulu awiri kapena atatu, kuti akaone ndi maso ao. Ndiponso m'midzi yanu momwemo muli misitu ya manda, mabwinja ndi mitengo ikuluikulu imene makolo anaisiya dala. Letsani anyamata kutentha tchire ndi kuotcha makala m'malo amenewo. Abusa a mbuzi kapena otola nkhuni akapeza phanga lokhala ndi zithunzi, musalole munthu kulisewera, koma kauzeni a ku ofesi ya DC ku Ntcheu, kuti adziwitse a Boma oyang'anira zinthu zakale.

Sabata yamawa tidzakambirana za kukonza nkhokwe kuti anankafumbwe asatidyere chimanga. Tsalani bwino nonse.